Tsitsi la Namfedwa pa Ngalande ya ku Alperton

Ine ndimasunga mapepala. Ana anga amandiseka, amati nyumba yanga ndi ofesi ya boma, koma pakabuka mkangano wa zimene wina ananena kapena kulonjeza, amathamangira kwa ine yemweyo. Za maliro amene ndikufuna kusimba pano ndili nazo zonse mu fayilo yobiriwira: pulogalamu ya mapemphero, kope la chikalata chonyamulira thupi pa ndege, ngakhale makhadi okanda kumbuyo amene tinkagula kuti tiimbire foni kumudzi zaka zoyambirira za m'ma 2000. Chimene mulibe m'fayilomo ndi chipepeso cha munthu amene anayenera kupepesa. Sanalembe, ndipo ndi pakamwa pomwe sananene.

Munthuyo tinkamutcha Amalume, ngakhale sanali malume wa aliyense. Anali bambo wa mafoni awiri ndi jekete lakuda limodzi, wobadwira ku Dedza akamalankhula ndi a ku Malawi, wobadwira ku Harare akamalankhula ndi a ku Zimbabwe. Paukwati ndiye nkhoswe, pamaliro ndiye wolankhulira banja, pa chinkhoswe cha anthu amene anawadziwa dzulo ndiye mwini mbumba. Mu London muno mwamuna akangokhala ndi galimoto yaikulu ndi mawu okweza, basi wasanduka mkulu wa mtundu wonse. Mwambo ankaudziwa monga mmene wokwera basi amadziwira injini: amangomva kulira kwake.

Namfedwa anali mayi wachitsikana wa mu mpingo wathu. Ankakhala m'chipinda chimodzi ku Alperton, ndipo ankagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba cha ku Park Royal. Mwamuna wake anagwa mwadzidzidzi n'kumwalira. Thupi tinalitumiza kumudzi, koma iye sanathe kuliperekeza chifukwa pasipoti yake inali ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ikudikira chidindo. Anakhala namfedwa wosaona manda. Chilolezo chake chokhalira kuno chinali chomangirira pa ntchito yomweyo, ndiye kutaya ntchito kunali kutaya zonse.

Masiku olira atatha, mchemwali wamkulu wa malemu anaimba foni kuchokera kumudzi. Anati popeza mlamu wawo sangabwere, kumeta kuchitikire konkuno. Mayi wachikulire amumete, tsitsi alikulunge mu duku wakuda amene wakhala akuvala, pamodzi ndi kolala ya malaya a malemu. Kenaka namfedwa yekha akaponye kamtoloko m'madzi oyenda, atembenuke, asacheuke. Madzi akakatenga ndiye kuti malemu wapita, mkazi wasudzulidwa.

Kwathu ku Ntcheu sitichita choncho, ndipo ine monga Mkhristu sindikhulupirira kuti tsitsi lingamange munthu wamoyo. Koma mwambo wa eni ake ndi wa eni ake. Ndinagwira ntchito ya uzamba kufikira kupuma, ndipo chimene ndinaphunzira ndi ichi: chinthu ukati uchite, chita mmene chimayenera kuchitikira, apo ayi chisiye.

Ndinamumeta ndine, Loweruka masana, ndi sizasi yanga ndi lezala latsopano. Anakhala pansi pa mkeka, mutu uli pa mawondo anga, osalira. Nditamanga kamtolo kaja, Amalume analowa, akazi awo ali pambuyo ndi kamera ya vidiyo.

"Tiyeni, tiyeni, nthawi! Pakingi ndalipira ya kanthawi kochepa."

Ndinafunsa kuti, "Mtsinje wake uti?"

"Pompano, amayi, kuseri kwa sitolo yaikulu ija. Mtsinje wabwino zedi, wotakata, maboti amadutsamo."

"Umenewo si mtsinje. Ndi ngalande, anachita kukumba anthu. Madzi ake sayenda."

"Aaa, amayi athu inu! Nanga maboti amayenda bwanji ngati madzi sayenda?"

Anthu amene anali m'chipindamo anaseka. Ndinabwerezanso, pang'onopang'ono, kuti madzi amenewo ndi oima.

"Madzi ndi madzi, amayi. Kodi malemu akafunsa satifiketi ya mtsinje? Inu ndi mapepala anu aja!"

Anatenga kamtolo kaja m'manja mwanga, n'kukaika mu jumbo yabuluu imene anaitulutsa m'thumba la jekete, ati kuti tsitsi lisamwazike m'galimoto mwawo. Anamanga mfundo kawiri, mpweya uli momwemo, jumbo n'kufufuma ngati chikhodzodzo cha mbuzi. Kenaka anandiuza kuti mipando yadzaza, ine ndi mawondo angawa nditsale ndiwiritse tiyi. Pa nyumba ya maliro munthu wamkulu amanena kawiri. Kachitatu ndi kukuwa.

Ngalande imeneyo ndimaidziwa kuposa mmene ndimadziwira anthu ambiri a mu mpingo. Dokotala atandiuza kuti magazi anga akuthamanga, ndinayamba kuyenda m'kanjira ka m'mbali mwake pafupifupi tsiku lililonse. Timabuku tonena za mbiri yake ndinatola ku laibulale, ndipo ndinayendapo ndi gulu la okalamba, wina wodziwa akutifotokozera. Anaikumba zaka zoposa mazana awiri zapitazo, ndi mafosholo ndi mawilibala, kuti maboti okokedwa ndi akavalo azibweretsa malasha, njerwa ndi udzu wa ziweto mu mzinda, n'kumatulutsa zinyalala. Kanjira kamene anthu amathamangamo lero ndi njinga kanali ka akavalowo. Pa milatho ina yakale, munthu akayang'anitsitsa amaona mizere imene zingwe zokokera zinadya pa chitsulo.

Chimene chimandidabwitsa mpaka lero ndi chakuti okumbawo anafuna kuti madzi akhale pa mulingo umodzi kuchokera ku Paddington mpaka kutali kumadzulo, popanda zitseko zija zokwezera ndi kutsitsira maboti, chifukwa zitseko zimadya nthawi ndipo zimataya madzi. Ndiye atafika pa chigwa cha mtsinje wa Brent, anali ndi vuto. Kutsika m'chigwa sakanatha. Kuphatikiza ngalande ndi mtsinje sakanafuna, pakuti mtsinje ulibe khalidwe: mvula ikagwa umasefukira, chilimwe umaphwa, ndipo umabwera ndi matope. Anachita chimene munthu wa kwathu sangachiganize. Anaunjika dothi kudutsa chigwa chonse, pakati n'kumanga khomo la njerwa lopindika ngati uta kuti mtsinje uzidutsa pansi, ngalande n'kuidutsitsa pamwamba. Madzi pamwamba pa madzi, osakhudzana.

Kuti madzi a pamwamba asadonthe, pansi ndi m'mbali anamata ndi dongo lonyowa, loponda ndi mapazi mpaka litasiya kulowa madzi, monga mmene timapondera dothi loumbira njerwa. Amati malo ena ankayendetsamo ng'ombe kuti ziponde. Ndinafunsapo kuti nanga boti lodzaza malasha likafika pamwamba pa njerwazo, sizingasweke? Anandiyankha kuti boti limakankhira kumbali madzi olemera mofanana ndi ilo, ndiye mlatho sumva kusintha. Ndinamva msanga, chifukwa mzamba aliyense amadziwa zimene beseni lodzaza limachita ukaikamo khanda. Chapatsogolo pang'ono, anthu a m'badwo wina anadutsitsanso ngalande yomweyo pamwamba pa msewu waukulu, moti mabasi amadutsa pansi, abakha akusambira pamwamba.

Anthu amenewo ankayeza. Ntchito yawo yonse inali yoti madzi asathawe. Ndipo m'madzi amenewo, amene anthu anakhetsera thukuta kuti akhale chiimire, ndi mmene Amalume anakatayitsa kamtolo koyenera kupita. Mtsinje weniweni unali chapafupi pomwepo, pansi pa mapazi awo akanangoyenda pang'ono.

Anabwerako akusangalala. Anati zonse zayenda bwino, namfedwa sanacheuke, kamera yajambula jumbo ikugwera m'madzi. Palibe amene anatsalira kuti aone chotsatira. Anamwa tiyi wanga, n'kupempha shuga woonjezera.

Lamulungu la sabata yotsatira namfedwa sanabwere ku tchalitchi. Lolemba m'mawa ndinakwera basi kukamuona. Ndinamupeza atakhala pa bedi, makatani otseka, kumutu atamanganso nsalu yakuda. Mbale ya chakudya imene amayi a mpingo anamusiyira inali pa tebulo, yosavundukula.

"Amayi, akunditsata."

"Ndani, mwana wanga?"

"Bambo a kunyumba. Akana kupita."

Anandifotokozera. Ku ntchito ankayenda wapansi m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande komweko, chifukwa ndi kachidule. Tsiku loyamba kubwerera ku ntchito anaona jumbo yabuluu ikuyandama pafupi ndi pamene anaiponya, yofufuma, mfundo ili pamwamba. Anadziuza kuti majumbo abuluu ndi ambiri. Mawa lake anaipeza yasunthira kutsogolo, mbali ya ku ntchito kwake. Pobwerera inali itabwereranso mbali ya kwawo, itatsamira khoma, ngati munthu wodikira. Anayesa kukwera basi kuti asadutseko, koma basi imadutsa pa mlatho, ndipo maso ake ankapita okha kumadziko. Kuyambira pamenepo sanatulukenso m'nyumba.

"Imeneyo ndi mphepo," ndinatero. "Madzi aja sayenda, chimayendetsa zinthu ndi mphepo. Lero iwombera uku, mawa uko. Pali mpira wina wofiira umene ndakhala ndikukumana nawo pamenepo kuyambira chilimwe."

"Mpira ulibe mkazi, amayi. Iwo akwiya chifukwa sindinapite kukawaika."

"Nanga ku ntchito akuti chiyani?"

"Amanijala aimba. Akuti masiku a maliro anandipatsa kale. Ndikapanda kuoneka sabata ino, mashifiti anga apatsa wina."

Ndinatenga foni yake pomwepo n'kuimbira Amalume. Anayankha ali m'galimoto, nyimbo zikulira.

"Amayi, nkhani imeneyo inatha. Tepi tinatumiza kale kumudzi, anthu akaonera okha."

"Jumbo yanu ikadali pamadzi. Mwanayu sakudya, ntchito imuthera."

"Ndiye ine nditani, ndikasambire? Ife mwambo tinachita. Ngati malemu akukana kuchoka, mwina pali chimene mtsikanayo akudziwa. Zinthu izi sizichitika chabe. Mumuuze aulule, apemphere."

Ndakhala ndikumva zopusa m'zilankhulo zitatu, m'mawodi a zipatala za mayiko awiri, koma imeneyi inaposa zonse. Munthu wamanga mpweya mu jumbo ndi manja ake, waiponya m'madzi oima atauzidwa kawiri, ndipo ikakana kumira akuti mkazi wamasiye ali ndi mlandu. Ndinadula foni. Mwayi wake, namfedwa sanamve mawuwo, ndipo sindinamuuze.

Kumuuza za mphepo sikukanathandiza, ndinaona ndekha. Amene anamanga ndi amene amamasula. Ndinatsika kukagula khadi, ndinakanda, n'kuimba kumudzi. Foni inali ya pa golosale, ndiye tinadikira kuti akawaitane achemwali a malemu, tinaimbanso. Ndinawapatsa moni, ndinapepesa maliro, kenaka ndinafotokoza.

"Mukuti madzi osayenda?" anatero mayiwo. "Chithaphwi? Mwakataya mchimwene wanga m'chithaphwi?"

"Si chithaphwi kwenikweni, mayi. Ndi ngalande yaitali, koma madzi ake ndi oima."

"Nanga abambo aja anatiimbira kuti aponya mu mtsinje waukulu wa maboti?"

"Abambo aja sadziwa kusiyanitsa."

"Kodi ndi abale a ndani abambo amenewo? Ife kuno timayesa ndi a kuchikazi."

"A kuchikazi amayesa ndi a kwanu."

Kunamveka kuseka kwaukali, kenaka anafunsa ngati dziko lonse la Mangalande lilibe mtsinje woyenda. Ndinati ulipo, ndipo uli pansi pa ngalande yomweyo.

"Pansi bwanji?"

"Ngalande imadutsa pamwamba, pa mlatho. Mtsinje umadutsa kunsi."

"Mlatho wowolotsa madzi? Madzi akuopa kunyowa?"

"Ndi mmene anamangira, mayi."

"Azungu ndi anthu osowa chochita. Koma wa pansiwo ukuyenda? Mwauona ndi maso anu?"

"Ndimauona kawirikawiri. Ndi wakuda, anthu amatayamo zinyalala, koma ukuyenda. Umakathira mu mtsinje waukulu, waukuluwo umakathira m'nyanja."

"Ndipatseni mlamu wanga."

Ndinamupatsa foni. Mawu a mayiwo ankamveka m'chipinda chonse. Anati: "Mlamu, pukuta misozi. Mchimwene wanga sanakukwiyire, wangosowa njira. Munthu mwamutsekera mu pulasitiki, apita bwanji? Kamuvuule, umuchotse m'chijumbomo, ukamuponye m'madzi a pansiwo. Iwe usacheuke. Amayi uli nawowo ndiwo ayang'ane, adzandiuze."

Masana omwewo tinanyamuka. Ndinatenga mopu ya m'nyumbamo, kunsonga kwa mtengo wake ndinamangirira waya wa hang'ala wopinda ngati mbedza. Anthu m'njira ankatiyang'ana, gogo wa chikhoti chachitali atanyamula mopu ngati mkondo, ndi mayi wa nsalu yakuda akubwera pambuyo. Ayang'ane. Anaonapo zoposa pamenepo mu mzinda uno.

Masamba anali atayamba kugwa, ndipo pamadzi panali pofiirira ndi masambawo, onse ali duu. Ndinamuuza namfedwa kuti awayang'ane, andiuze ngati pali limodzi limene likupita kwina. Sanalipeze. Jumbo tinaipeza patsogolo pa boti lina lomangirira, itazingidwa ndi mabotolo ndi nthenga za atsekwe. Mwini boti, mzungu wa ndevu zotuwa, anali atakhala padenga ndi kapu ya tiyi. Anafunsa ngati muli mphaka wakufa. Ndinamuuza kuti ndi katundu wa banja amene anatayidwa molakwika ndi munthu wopanda nzeru. Anagwedeza mutu ngati zimenezo amazimva tsiku ndi tsiku, n'kusuntha chingwe chake kuti tifike bwino.

Mkono wanga unaperewera. Namfedwa anandilanda mopu, anagwada m'mphepete, ine nditagwira lamba wa chikhoti chake. Mbedza inaterereka kangapo, kenaka inakola pa mfundo. Anaikokera kumtunda. Mfundo za Amalume zinakana kumasuka, ndiye ndinang'amba pulasitiki ndi waya womwewo. M'kati duku anali wouma, ngati tammanga m'mawa womwewo. Ndinamuonetsa.

"Taona. Madzi sanamukhudze n'komwe. Akanapita bwanji?"

Anafukata kamtoloko pachifuwa, tinayenda. Pamene ngalande imawoloka mtsinje sipaoneka zachilendo. Kanjira ndi komweko, madzi ndi omwewo, mitengo yaphimba mbali zonse. Munthu wothamangira shifiti angadutsepo zaka osadziwa kuti ali pa mlatho. Ndinamuimitsa, ndinamukokera kumbali, ndinamulozera pansi kupyola m'nthambi.

"Ndi chiyani icho?"

"Madzi, amayi."

"Akutani?"

Anayang'anitsitsa. Kunsi kuja mtsinje unkatuluka pansi pa mapazi athu, wakuda, wosaya, ukuzungulira ngolo ya m'sitolo imene wina anaigwetseramo. Tsamba lina linatulukira, linadutsa, linapita.

"Akuyenda," anatero. "Ndadutsa pano nthawi yonseyi, ine osadziwa."

Anavula nsalu yakuda imene anamanganso kumutu, anakulungira kamtolo kaja pamodzi. Analankhula mawu ochepa chapansipansi, amene sanali anga kuti ndimve. Kenaka anaponya ndi manja awiri, n'kutembenuka, nkhope kuloza ku ngalande.

Ine ndinayang'ana, monga anandituma. Kamtolo kanagwera pakati, kanamira pang'ono, kanatumphuka. Madzi anakakankhira pa ngolo ija, ndipo kanakodwa pa gudumu. Ndinaima chilili, mopu ili m'manja, ndikuyeza ndi maso ngati mawondo angawa angatsike chitunda chimenecho. Kanagwedezeka, kanazungulira, nsonga ya nsalu inatambasuka, madzi anaikoka. Kanachoka. Ndinakatsatira ndi maso mpaka pamene mtsinje umakhota m'mitengo.

"Amayi?" anafunsa osatembenuka.

"Apita."

"Mwaona ndithu? Musandinamize pofuna kunditonthoza."

"Unayamba wandimvapo ndikutonthoza munthu ndi bodza? Anaima pang'ono pa ngolo, kenaka apita. Sakuonekanso."

Pamenepo ndi pamene analira, kulira kumene sanalire tsiku lometa. Ndinamusiya alire. Wanjinga wina analiza belu kuti tipatuke, ndinamuyang'ana, anatizungulira.

Amalume sanafunsepo za mathero ake. Pa maliro otsatira ndinawamva akuuza anthu kuti iwo ndi katswiri wa miyambo ya m'madzi, ndipo anasudzulapo namfedwa ku Alperton popanda vuto lililonse. Tepi yawo ija, ndinamva kuti achemwali a malemu anakana kuionera.

Koma tsiku lija pa mlatho, namfedwa atapukuta m'maso ndi mkono wa chikhoti, ndinamuuza kuti tibwerere akadye. Anayang'ana kanjira mbali ya kwawo, anayang'ananso mbali inayo.

"Amanijala amaweruka mochedwerapo. Ndikafulumira ndiwapeza, ndikawauze kuti mawa ndibwera."

"Ndi mutu wometa chonchi, kuzizira konseku?"

"Umera, amayi."

Ndinavula chipewa changa chaubweya n'kumuveka. Anapitirira ndi kanjira ka akavalo kaja, mbali ya ku Park Royal, akuyenda msanga, ndipo sanacheuke. Ine ndinapinda jumbo yong'ambika ija, ndinaiponya mu bini yoyamba imene ndinaipeza, ndinanyamula mopu, n'kupita kukagula khadi ina yoti ndiwauze a kumudzi.